Muzu umene anausiya m'nthaka

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anali atabwera kudzapuma kuchokera ku sukulu ku Ulongwe. Inali nthawi ya mvula. Tsiku limenelo ndinamusiya ndi mng'ono wake wa zaka zinayi, ine n'kupita ku Domwe kukagulitsa mbatatesi.

Pobwerako masana ndinapeza atadya kale. Pa lichero panali chibenthu cha bowa, chotambalala ngati chivundikiro cha mphika.

"Bowa ameneyu wamutenga kuti?" ndinafunsa.

"Kumunda, amayi. Ngwabwino. Wofanana naye ndinamuona pa foni, wa ku Brazil. Amakula kuposa apa, anthu amadya."

"Wa ku Brazil wayamba liti kumera m'munda mwanga?"

Kwathu kuno bowa wamkulu chotere amene timadya ndi utale, ndipo timamudziwira ku muzu: umakhala wautali, wolowa m'chulu. N'chifukwa chake timachita kukumba ndi kamtengo. Iye anangodula ndi mpeni ngati kabichi, muzu n'kuusiya m'nthaka. Ndiye kutchire kulinso bowa wina woyera, wokongola ndithu, amene ndinaona atagoneka banja lonse titangobwerera kuchokera kothawa nkhondo.

Ndinabereka wamng'onoyo, korona m'manja, n'kuuza wamkuluyo kuti atsogole. Mumtima ndinati ndikapanda kuupeza muzuwo, tingopitirira kumsewu kukadikira shapa, kaminibasi kotitengera kuchipatala. Njira yonse ndinkapemphera, uku ndikufunsa wakumsanayo ngati m'mimba mukupweteka.

"Ayi, m'mimbamo mukufuna bowa wina," anatero.

Malo amene wamkuluyo anandionetsa anali m'mphepete mwa munda. Chulu sindinachione, udzu wokhawokha. Ndinagwada n'kuyamba kufukula ndi manja. Chitsa cha bowa chija ndinachipeza, ndipo pansi pake panali muzu. Ndinautsata, ukungolowabe, mkono mpaka m'chigongono. Kenaka chiswe chinandiluma chala.

Chinali chulu chakale chimene abambo awo anachisalaza ndi khasu pokuza munda. Ine ndinali nditachiiwala.

Chibadwire sindinakondwerepo ndi kulumidwa ngati tsiku limenelo. Ndinangokhala pansi pomwepo m'matope, mwana akadali kumsana, n'kuthokoza Mulungu mokweza. Wamkuluyo anayamba kulira, ndinamukokera pafupi n'kumupukuta ndi nsonga ya chitenje.

Tikubwerera anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye wotsala uja tiphike, amayi?"

"Ukaphike, uthireko nsinjiro. Koma choyamba tenga muzu uwu, uujambule pa foni yakoyo."