Galu Wanga Atalowa m'Chitedze

Mpaka lero ndikamva munthu akuti galu ndi galu basi, mtima umandiwira. Wanga uja sanali wokongola ayi. Anali wofiirira, nthiti zili pamtunda, khutu limodzi anyani analing'amba. Koma zaka zimene bambo a ana anga anali kumigodi ku Joni, munda wanga wa kuphiri, kuseri kwa Malindi, unkatidyetsa chifukwa cha iyeyo. Ine ndi ana awiri aang'ono, anyani tikanawatha?

Unali mwezi wa Juni, mwera ukuwomba, chitedze chitauma m'tchire monse. M'mawa umenewo anyani anabwera kudzafukula chinangwa. Galu anawathamangitsa mpaka kukhwawa, n'kukalowa mutu wonse m'ziyangoyango za chitedze, nyemba zake zaubweya woyabwa zija n'kumukhuthukira kumaso. Anatuluka akuyetsemula, akukhula mphuno pansi, misozi ili chuchuchu. Ndinamupana ndi miyendo n'kumupukuta ndi dothi, manja anga omwe n'kuyamba kuyabwa. Ndikanakhala ndi mpata ndikanakamusambitsa kunyanja, koma chitsulo chotiitana amayi chinali chitalira kale kusukulu.

Masiku amenewo, kukamveka kuti kuboma kukubwera akuluakulu, amayi tonse tinkasiya makasu kukaphunzira nyimbo ndi magule pabwalo la sukulu. Kaya uli ndi pakati, kaya mutu ukukuwawa, zimenezo zako. Wotiyang'anira anali atcheyamani a chipani m'dera lathu, amenenso anali alamu anga, msuweni wa amuna anga, munthu amene Lamulungu tinkagwada naye m'tchalitchi chimodzi. Galu ndinamumangirira ndi luzi pamtengo wa mango pakhomo. Koma luzi n'chiyani kwa galu woyabwidwa? Analidula n'kunditsata.

Tinali pamzere, atcheyamani ataima kutsogolo ndi jekete lawo lakuda lija. Anayamba kutilangiza za ulemu ndi kumvera. Atangoti, "Amayi, dziko lino," galu kumbuyo kwanga, etsi! Atcheyamani anatsokomola n'kuyambiranso. Etsi! Etsi! Kachitatu mayi wina analephera kudzigwira, ndipo mzere wonse tinafa nalo phwete, ena atatseka pakamwa ndi nsalu. Inenso ndinaseka, sindikana.

Atcheyamani sanaseke.

"Galu ameneyu ndi wa yani?"

Ha! Ngati samudziwa! Galu amene ankawalandira pakhomo panga akabwera kudzamwa thobwa.

"Ndi wanga, alamu. Walowa m'chitedze."

"Pano palibe alamu. Galu uyu ali ndi chiwewe. Simukuona malovuwo?"

"Chiwewe chanji, atcheyamani? Taonani manja angawa." Ndinawatambasula, ali otupa timizeremizere pamene ndinakanda. Munthu wokulira kuphiri komwe kuja, amene ali mwana anagubuduzikapo pamchenga chitedze chitamugwira ngati tonsefe, angalephere kusiyanitsa chitedze ndi chiwewe? Ankadziwa bwinobwino. Chinawawawa n'chakuti amayi awaseka.

Pafupi nane panali mayi wina wachisilamu wogulitsa usipa. Galu wangayo sankamufuna n'komwe. Galuyo akangonunkhiza beseni lake, mayiyo ankalitsuka kasanu ndi kawiri, ndipo tinakanganapo zimenezi kangapo. Koma pabwalo lonse lija ndiye yekha amene anatsegula pakamwa.

"Wallahi, bwana tcheyamani, chitedze chimenecho. Wachiwewe sagwedeza mchira chotero. Amupake phulusa, pofika madzulo akhala atachira."

"Amayi inu, ndakufunsani?"

Nanga anzanga a pamzere aja, amene ankaseka mpaka kugwirana mapewa? Onse maso pansi, ngati kuti pamchenga pagwa singano.

Kenaka atcheyamani anatsitsa mawu, n'kulankhula mofatsa ngati akuwerenga phunziro kutchalitchi.

"Chabwino, mayi. Ngati galuyu sakudwala, ndiye kuti mwabwera naye dala kudzasokoneza msonkhano wa chipani, kuti anthu aziseka pamene ndikunena mawu a boma. Ikakhala choncho si nkhani yanganso, ndi ya kuboma, ndipo galimoto ibwera kudzakutengani. Ndiye tiuzeni nokha, anthu onse amve. Akudwala kapena sakudwala?"

Panalibe amene sankaidziwa galimoto imeneyo. Woikwera sankabwerako msanga, ena mpaka lero. Mwana wanga wamng'ono anali kumsana, atagona, mpweya wake ukundifunda pakhosi. Wamkulu ndinali nditamusiya kwa aneba. Ndinatembenuka kuyang'ana galu. Anali atagona pansi akunyambita phazi, kuyetsemula kuja kutayamba kale kuchepa.

"Akudwala," ndinatero.

"Kwezani mawu. Akumbuyo sanamve."

"Ali ndi chiwewe!"

Anthu amandiuza kuti ndiiwale, atcheyamaniwo anamwalira kalekale, ndipo pamaliro awo ndinakatunga nawo madzi. Amuna anga atabwerako ku Joni anati ndinachita mwanzeru, bola galu kusiyana ndi mayi wa ana. Zoona, ndani akukana? Koma akanangomupha galuyo mwa mphamvu zawo, ine ndikulira ndi kukana, mwina bwenzi nditakhululuka. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti bodza linali lawo, koma analiika m'kamwa mwanga, ndipo ndinalinena kawiri, kachiwiriko mokuwa.

Pabwalo paja atcheyamani anakodola anyamata awiri a chipani amene ankaima pambali ndi zibonga. Galu atangowaona akubwera anadzambatuka. Iye amene ankalimbana ndi anyani, anyamata ovala nsapato akanamugwira? Anawazunguliza bwalo lonse, kuseri kwa chimbudzi, m'munda mwa aphunzitsi, mpaka mmodzi anagwa chafufumimba. Ulendo uno panalibe woseka. Mumtima ndinkangoti thawa, chitsiru iwe, thawira kuphiri, usandiyang'ane ine! Koma anakaima kumapeto kwa bwalo, lilime lili panja, maso ali pa ine.

Anyamata anabwerera ali wefuwefu.

"Bwana, sagwidwa ameneyu."

Atcheyamani anandiyang'ana. "Mwini wake alipo. Muitaneni."

"Alamu, chonde."

"Mwanena nokha kuti ali ndi chiwewe. Mukufuna alume ana a sukulu? Kapena mwasintha mawu?"

Sindinasinthe mawu. Ndinatuluka pamzere, ndinagwada ngati mmene ndinkachitira pomupatsa mitu ya usipa, n'kumuitana. Koyamba galuyo sanamve. Kachiwiri anamva. Anabwera akuthamanga, makutu atagona, mchira ukugwedera, kuyesa tikupita kunyumba. Anaika mphuno yake yotupa ija m'manja mwanga, ndipo chingwe ndinamuveka ndine, chifukwa anyamata aja ankaopa kuyandikira.

Anapita naye kuseri kwa kalasi. Akumukoka anatembenuka kawiri, osalimbana nawo, poti amene anamumanga ndinali ine.

Atcheyamani anawomba m'manja kuti ng'oma ziyambe, ndipo zinayamba mwamphamvu. Komabe kulira kwa galu wanga ndinakumva. Ndinali ndidakagwada pamene paja, mpaka mayi wa usipa uja anandikoka nsalu n'kundibwezera pamzere.

"Vinani, anzanga," anandinong'oneza. "Akukuyang'anani."

Ndinavina.