Dzino Lisanyowe

Ndili pampando wa dokotala wa mano, koma mpandowo uli pakati pa bwalo la chinkhoswe changa. Dokotala, mayi wa manja ozizira, wapaka mankhwala m'bowo la dzino langa, watsuka, waumitsa. Dzinolo layera mbuu, latuluka timabowo ngati ta chiswe.

"Guluu akalowa m'timabowoti ndiye amagwira," akutero. "Malovu akangokhudzapo, chomatacho chimamatuka. Musalankhule, mayi."

Amalume aimirira, chipewa chili m'manja. "Iwe mwana, mwamunayu ukumufuna?"

Malovu akudzaza pansi pa lilime ngati ngalande ya mvula. Thonje limene wandiika m'kamwa lanyowa kale. Dokotala akupaka guluu ndi kaburashi, osafulumira, kenako wayatsa katochi ka buluu kuti guluuyo aume. Anthu onse asanduka a buluu. Amalume akufunsanso. Akuchimuna ayamba kunyamula mipando, mwamunayo akungoyang'ana nsapato zake.

Ndakweza dzanja, dokotala walitsitsa. "Musagwedezeke."

Tochi yazima. Akugogoda dzino ndi kachitsulo. "Lagwira. Lankhulani tsopano."

Pabwalo patsala nkhuku zokha.

Ndadzuka kutulo, "eya" wanga akadali m'kamwa.