Kukapempha Makina a Bipi ku Nathenje

Tinanyamuka pa Mitundu m'mawa, nyengo yogulitsa fodya, ndale za zipani zambiri zitangoyamba kumene. Ine ndinali nthumwi ya komiti ya zaumoyo ya kwathu. Achimwene anga, omwe anali tenanti pa esiteti ina cha ku Malingunde, anali atagwa m'chigafa, kufa mbali imodzi, n'kutisiya mwezi usanathe. Anthu ankati awalodza chifukwa fodya wawo anachita bwino. Mlangizi wa zaumoyo anatiuza kuti kunali kuthamanga kwa magazi, komwe amati bipi, ndipo anati ku Nathenje anamwino a boma ndi anthu akumidzi ayamba kuyeza anthu bipi ndi makina tsiku la msika. Komiti inandituma kukaona ndi kukapempha kuti zifikenso kwathu.

Amuna anga, bambo a Lute, ananditsatira. Ankati akukagula tayala la njinga, ngati kuti pa Mitundu matayala anatha. Sindinawatsutse. Mutu unkawawawa m'mawa uliwonse, ndipo kuchipatala ankakana.

Tinakwera matola, tinakhala pa matumba a mtedza. Kondakitala anatilipiritsa makwacha khumi aliyense, koma nkhuku za mayi wina zinakwera ulere, ndipo zinakhala pabwino kuposa ife. Masiku amenewo pakamwa panali patamasuka, anthu ankanena za boma osacheuka. Nditafotokoza za ulendo wanga, bambo wina wa jekete lachikopa anati makina amenewo amamanga mkono kuti apope magazi a anthu osauka.

"Mwawaonapo makinawo, bambo?" ndinafunsa.

"Sindinawaone, koma zimamveka."

"Ine achimwene anga ndinawaona atagona. Ndikukaona ndekha."

Bambo a Lute anangoyang'ana phiri la Bunda.

Pamphambano ya msewu wa ku Blantyre tinatsika n'kukwera minibasi. Inaima pa Nanjiri kudikira anthu, fungo la kanyenya likulowa pawindo. Amuna anga anagula, namuviika mumchere mpaka kuyera. Ine ndinagula chimanga chootcha.

Tinafika pa Nathenje dzuwa litakwera. Kuseri kwa msika kunali chisakasa chaudzu, mabenchi, ndi mzere wa anthu. Woyeza sanali namwino ayi, anali mayi wa chitenje ngati ine, namwino atakhala pambali kuyang'anira. Anamwinowo, a Nachisale, anandiuza kuti chisakasa anamanga ndi anthu okha, oyeza anasankhidwa m'midzi, boma linabweretsa makina, maphunziro ndi mankhwala. Kumbuyo kunali dimba la komiti, la mpiru ndi bonongwe, lomwe ankaphunzitsirapo za kadyedwe.

Nditapempha, anapukusa mutu. Makina anali amodzi, galimoto panalibe, ndipo Mitundu inali ndi chipatala chake choyenera kupempha ku boma. Koma sindinadzuke pabenchi. Ndinawauza kuti kudikira kumeneko tiika maliro ena, ndipo ndinafunsa chimene ife tingachite ndi manja athu.

Anamwinowo anati tikamanga malo, tikasankha anthu oti aphunzire, ndiponso tikapeza wowatenga, adzabwera kamodzi pamwezi, n'kuthandiza anzawo a ku Mitundu kupempha makina awo.

Tikukambirana, ndinacheuka n'kuona bambo a Lute ali pamzere, atapinda kale mkono wa malaya. Palibe anawatuma. Mayi woyezayo anapopa, anamvetsera, anabwereza, kenaka anaitana anamwino. Bipi inali yokwera kwambiri. Anamwino anawapatsa mapiritsi, nawalangiza za mchere, mowa ndi fodya wopichira, nawauza kuti achita mwayi kubwera akuyenda okha.

Pobwerera, titadutsa Nanjiri, amuna anga anati, "Mayi a Lute, pali njira yachidule yodzera m'midzi. Anamwino aja ndidzidzawatenga ine panjinga."

Tinafika pa Mitundu dzuwa likupendeka, fumbi lili m'maso. Ndinapita ndikuganiza kuti boma likandipatsa kanthu m'manja, koma ndinabwera ndi ntchito. Ndinaphunzira kuti boma limafika msanga pamene anthu ayamba kale kukumba. Sindinalowe m'nyumba. Ndinapitirira kwa amayi a komiti kukawauza kuti mawa aliyense abwere ndi chikwakwa, tikamwete udzu wa chisakasa.