Dzina la Mng'ono Wanga pa Tsamba la Khonsolo

Ndinatsimikiza zochoka mu komboni yathu ya George tsiku limene tinabwerako chimanjamanja ku ofesi ya khansala kachiwiri. Tinali amai angapo a mzere umodzi wa nyumba. Tinkakazinga nshawa, kusinja chiponde mumtondo, n'kumagulitsa m'timabotolo pamsika wa Lilanda. Kalabuyo ndinaiyambitsa ndine, ndipo dzina lake, Tikumane pa Mpopi, ndinalipeka ndine, poti kumpopi n'kumene tinkaonana m'mawa uliwonse tili pamzere ndi zigubu. Titamva kuti boma likupereka ndalama za chitukuko ku makalabu a amai, tinalembetsa kuti atigulire makina ogayira chiponde. Chaka choyamba anatiuza kuti tachedwa. Chachiwiri anati tidikire, makalabu achuluka. Ine kudikira kunanditopetsa. Bambo wa mwana wanga Thoko anali atalowera kumigodi ya ku Kopala kalekale osatumiza ngakhale moni, mwanayo anali pafupi kulowa sekondale, ndipo mnzanga wina anali atandiuza kuti ku Gaborone kuli saluni yofuna munthu wodziwa kuluka tsitsi.

Thoko ndinamusiya kwa mng'ono wanga Felista. Kalabunso ndinaisiya kwa iye, osati chifukwa ndinamuona woyenera, koma chifukwa amai enawo anakana onse. Felista anali wamanyazi chiyambire ali mwana. Kutchalitchi akamupatsa vesi yoti awerenge, mawu ankamuthera pakhosi. Pamsika iye ankangolongedza mabotolo, woitana anthu ndinali ine. Atandiperekeza pa siteshoni ya mabasi anandifunsa motsitsa mawu: "Ba sisi, nanga bakaitana ku ofesi, nizakakamba chani ine?" Ndinamuyankha kuti asavutike mtima, sadzaitana.

M'banja mwathu kuyenda si kwachilendo. Agogo aamuna anachoka ku Dedza kudzafuna ntchito kuno, ndipo anafera kuno akunenabe kuti chaka chamawa abwerera. Ndinkaganiza kuti ndikudziwa chimene ulendo umatanthauza. Koma za kusungulumwa agogo sanatiuze. Ku Gaborone ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mwini saluni, pamodzi ndi mtsikana wa ku Bulawayo amene sitinkamvana bwino. Tsiku lonse ndinkaimirira kumbuyo kwa mitu ya anthu, iwo akuseka m'Chitswana, ine zala zikuwawa, osadziwa ngati akuseka nkhani yawo kapena akuseka ine. Ine amene mu George ankati pakamwa panga sipauma, ndinkatha tsiku lathunthu ndangonena mtengo ndi zikomo. Ndalama inalipo ndithu, yoposa ya chiponde. Ndinkatumiza mwezi ndi mwezi: ya yunifomu, ya lendi, ya mankhwala a amai athu. Ndikatumiza, Felista ankayankha kuti yafika, Mulungu akudalitseni. Mawu amenewo ndinkawakonda. Ankandikumbutsa kuti wamkulu ndine.

M'chaka chachiwiri, Lamlungu lina masana, Thoko ananditumizira uthenga woti nditsegule tsamba lina pa intaneti. Anati khonsolo yayamba kuika poyera mmene ndalama za chitukuko zikuyendera, kuti aliyense aone pa foni yake: ngalande iyi yadya zakuti, kalasi iyi ikumangidwa ndi akuti, makalabu amene alandira ndi awa. Ndinatsegula nditakhala pa sitepe ya saluni. Ndinatsika nalo tsambalo mpaka ndinafika pa wodi yathu, ndipo ndinaona dzina limene ndinapeka ndekha. Tikumane pa Mpopi. Makina ogayira chiponde. Wapampando, Felista.

Ndinamuimbira kumuyamikira, ndipo mawu anga anatuluka bwinobwino. Koma nditadula foni, chakudya chimene ndinali nditaphika ndinangochivundikira. Mumtima munkangobwera funso limodzi: bwanji zinadikira kuti ine ndichoke? Ndinapondaponda kuofesi kuja zaka ziwiri nsapato mpaka kutha, ndipo dzina lolembedwa pamene dziko lonse lingawerenge linali la munthu amene sanatsegulepo pakamwa pamsonkhano ngakhale kamodzi.

Kuyambira pamenepo tsambalo linasanduka matenda anga. Kasitomala akachoka, ndisanasese ndi tsitsi lomwe, ndinali nditatsegula kale. Mabandulo ankandithera pomwepo. Ndinadziwa za George kuposa mmene ndinkadziwira ndikukhalamo: kuti ngalande ya kumbuyo kwa msika yaperekedwa kwa womanga wina, kuti pakiliniki awonjezera chipinda cha amai oyembekezera, kuti ana akuti apeza thandizo la sukulu. Zonsezi zinkachitika ine kulibe, ndipo palibe chimene chinaima chifukwa choti ine kulibe. Pagulu la amai la pa foni zithunzi zinkabwera: Felista wavala epuloni yoyera, Felista waima pafupi ndi makina onyezimira, Felista akugwirana chanza ndi anthu a masuti. Pa chithunzi china Thoko anali atamukolekera dzanja m'khosi, onse awiri akuseka, ndipo pansi pake mwana wanga analemba kuti amai anga ang'ono ndi ngwazi. Ndinachiyang'ana chithunzi chimenecho mpaka foni inazima yokha. Mwezi womwewo Felista anandilembera kuti ya lendi ndisatumize, akwanitsa. Ndinamva ngati andilanda mpando ndili chikhalire.

Masiku ano ndikamatsuka mabotolo ndimadzifunsa chimene ndinkafuna kupeza pa tsamba lija, poti ndinkaliwerenga ngati munthu wosaka nsabwe m'chovala cha mnzake. Ndipo tsiku lina ndinaipeza nsabweyo. Tsambalo linkanena kuti kalabu yalandira makina awiri. Pa zithunzi zonse panali amodzi okha. Ndinabwerera m'mbuyo kuyang'ana chithunzi chilichonse, ngodya iliyonse ya chipinda chija. Amodzi. Sindinauze munthu, koma sindibisa, tsiku limenelo ndinaluka tsitsi ndikuimba. Ndinadziuza kuti ofatsa ndi amene amadya mwakachetechete.

Chilolezo changa chogwirira ntchito chitatha m'chaka chachitatu, mwini saluni anati angandithandize kuchiwonjezera. Ndinati ndiyambe ndakaona kwathu. Ndinawoloka pa Kazungula ndi masutukesi awiri a zovala ndi nsapato za mphatso, ndi funso limodzi limene ndinali nditalinola njira yonse.

George ndinaipeza ili George yomwe ija, fumbi lomwe lija, makala pamphambano, nyimbo za m'mabala. Koma ngalande ya kumsika inalipodi, yasimenti. Kalabu inali itachita lendi kachipinda pafupi ndi mpopi, ndipo fungo la nshawa zokazinga linkamveka munthu asanakhote. Amai akale anandilandira ndi nthungululu, koma theka la amene anali m'chipindamo sindinkawadziwa, ndipo iwonso sankandidziwa. Mmodzi anafunsa mnzake kuti mlendoyu ndani. Felista anandikumbatira. Anali ataonda, m'maso muli kutopa kumene pa zithunzi sikunkaoneka.

Sindinadikire ngakhale kuti tifike kunyumba. Ndinayang'ana makinawo, ndinawasisita, kenaka ndinafunsa ngati munthu wongocheza, koma mokweza kuti onse amve: "Nanga anzake ali kuti? Paja pa tsamba analemba awiri."

Mai wina anaika pansi lichero n'kutuluka. Felista anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati: "Na imwe ba sisi?"

Nkhani yonse anandiuza madzulo ake tikusenda nshawa pakhonde. Wamalonda amene anapatsidwa ntchito yogula makinawo anabweretsa amodzi, n'kulonjeza kuti enawo ali m'njira. Sanabwere. Koma pa tsamba panalembedwa awiri, ndipo tsambalo silinkawerengedwa ku Gaborone kokha. George yonse inkaliwerenga. Amai a makalabu amene sanalandire analiwerenga. Anyamata okhala pa malo ometera analiwerenga. Mphekesera inayenda kuti Felista anagulitsa makina ku Matero, ena ankati anagula pulota ku Chongwe. Kutchalitchi amai ena anasiya kukhala naye pa benchi imodzi. Thoko anamenyanapo kusukulu chifukwa cha nkhani yomweyo, ndipo iye ndi Felista anagwirizana kuti asandiuze kuopa kundidetsa nkhawa kuchilendo. Nsanje imene ndinkaiona ngati yanga ndekha, yoleredwa m'kachipinda ka kutali, ndinaipeza ili pakhomo lililonse la mzere wathu. Ine ndinangofika mochedwa kudzawonjezera yanga.

"Imwe munachita bwino kuyenda," anatero Felista. "Kuja kulibe amene akuwerengerani vimene muli navo. Ine nikagula chabe chitenge, bakuti ni ndalama ya makina."

Ndinamuyang'ana kuti ndione ngati akundinyoza. Sankandinyoza. Ankandisirira ndithu, ine ndi masutukesi anga.

Anandiuzanso kuti tsamba lomwe linamuika pamoto ndi limenenso linali chida chake. Poti panalembedwa awiri poyera, palibe amene akanamuuza kuti analonjezedwa amodzi. Anali akupita kuofesi mobwerezabwereza, ndipo sabata yotsatira anaitanidwa kuti akakumane ndi wamalonda uja pamaso pa akuluakulu. Apa ndiye panali ntchito yanga. Ndinamuuza kuti ndimuperekeza, iye adzangokhala chete, zolankhula andisiyire. Anangoti tiyeni.

Tsikulo ndinavala diresi la ku Gaborone ndi nsapato zazitali. M'minibasi ndinkayeseza mawu mumtima. Tinalowa m'chipinda momwe munali akuluakulu atatu ndi wamalonda uja, bambo wonenepa wonunkhira mafuta okwera mtengo. Ndisanakhale n'komwe, Felista anandipatsa chikwama chake kuti ndimugwirire. Anatulutsa foni, anatsegula tsamba lija, anaiika patebulo. Sanakweze mawu. Anafotokoza tsiku limene makina amodzi anafika, amene analipo, zimene bamboyo analonjeza. Bamboyo atayamba zoti mitengo inakwera ndi zoti katundu anachedwa pamalire, Felista anamudikira amalize, kenaka anati: "Ine nifuna chimodzi pa viwiri. Mubweretse makina, olo mulembe apa kuti tinalandira amodzi, na dzina la amene sanabweretse. Dzina langa lakhala apa lokha nthawi yaitali." Mmodzi wa akuluakuluwo anagwedeza mutu n'kuyamba kulemba. Bambo uja anapukuta thukuta.

Ine mawu onse amene ndinakonza anakhala m'kamwa. Panalibe mpata woti ndiwaikepo, ndipo panalibe chosowa. Ndinakhala pampando wa pakona, nsapato zikundiluma, chikwama cha mng'ono wanga chili pamiyendo. Ndinanyada, inde. Koma kunyadako kunali ndi minga. Ndinkafunitsitsa akanapunthwa pang'ono pokha, kuti atembenuke andiyang'ane.

Makina achiwiri anafika mvula isanayambe. Amene ankanena za pulota ya ku Chongwe sanapepese. Anangopeza nkhani ina. Ine ndinapempha kubwerera m'kalabu. Anandiuza mwaulemu kuti tsopano pali malamulo, wolowa amayamba wadikira kuti gulu livomere, ndipo pakali pano ndingathandize kutsuka mabotolo ndi kumata mapepala a dzina. Felista sanandikondere, ndipo ndikudziwa kuti akanatero, mawa lake George yonse ikanamva. Ku Gaborone mwini saluni amandilemberabe kuti malo anga alipo. Sindinamuyankhe. Thoko akulemba mayeso chaka chino, ndipo ndaona kuti akakhala ndi vuto amayamba wapita kwa Felista, kenaka n'kudzandiuza ine zitatha. Chimenecho sindingachikonze ndili kutsidya la Zambezi.

Ndinkaganiza kuti kwathu ndi malo amene munthu amawasiya monga mmene amasiyira nyumba yokhoma, n'kudzapeza mipando ili pomwe anaisiya. Koma anthu anakhalapo pamipandoyo, ndipo ena anaikhala bwino kuposa ine. Sabata yatha ndinapita kumsika wa Soweto m'tauni kukagula nshawa za kalabu. Mai wogulitsayo, amene ndinkagula kwa iye zaka zambiri ndisanachoke, anandiyang'anitsitsa akuyesa kukumbukira nkhope yanga. Kenaka anamwetulira, anandiwonjezera mbasela yodzaza manja awiri, n'kuuza mnzake wa pambali kuti andipatse mtengo wabwino, chifukwa awa ni basisi bao ba Felista.

Ndinathokoza, ndinasenza thumba langa.