Sabata Imene Tinabisa Firiji

Nditakhoza mayeso a giredi 12, mtima wanga unali pa unamwino, koma fizi ya ku koleji inali yosatheka kwathu. Bambo anali mlonda, ankagwira usiku. Mayi ankagulitsa chakumwa chozizira cha munkhoyo ndi maaisibuloko, timadzi totsekemera toumitsa m'firiji, pakhomo pathu ku komboni ya Kanyama. Tinkadya, tinkalipira lendi, basi. Za koleji zinali za ana a anthu ena.

Ndiye kunamveka za bungwe lina lothandiza ana osauka kupitiriza maphunziro. Amene anabweretsa nkhaniyi anali dikoni wa kutchalitchi kwathu, bambo wovala jekete ngakhale mu Okutobala, wodziwa khomo la ofesi iliyonse. Ndinalembetsa, ndinapereka zotsatira zanga, ndipo a bungwelo anati adzabwera kudzaona kunyumba.

Dikoni uja anafika msanga kudzatikonzekeretsa. Anayang'ana pabalaza pathu ngati waona nyansi. Firiji ichoke, anatero, wailesi ichoke, ngakhale makatani amene mayi anasoka okha achoke. Mayi atafunsa kuti nanga malonda ayenda bwanji, iye anaseka.

"Bamayi, aba banthu bafuna kuona mavuto. Mukabaonetsa vinthu, bazapita kwina."

Tinanyamula firiji pawilibala mpaka kwa aneba. Alendowo anati abwera Lolemba, koma anafika Lachisanu. Masiku onsewo munkhoyo unkasasa m'chigubu, makasitomala ankabwerera pakhomo, ndipo ana a aneba anamaliza maaisibuloko onse. Kuti tioneke osauka, tinasaukadi.

Anabwera awiri pagalimoto lalikulu limene analisiya kumsewu poopa matope: mayi wonunkhira pafyumu ndi mnyamata wa kamera. Mayiyo anakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama chili pamiyendo, ngati nyumba yathu imupatsira matenda. Za maphunziro anga sanafunse n'kamodzi komwe. Anafunsa kuti timadya kangati patsiku, ngati ndinagonapo ndi njala, ngati m'nyumba muli wodwala matenda osachiritsika. Mayi ankayankha zoona, ndipo yankho lililonse linkamugwetsa ulesi mlendoyo.

Kenako anafunsa kuti bambo anamwalira liti. Ndisanayankhe, kuchipinda kunamveka mkonono. Bambo anali atangogona kuchokera kuntchito.

"Bali moyo?" anafunsa mayiyo, cholembera chili m'mwamba.

Anafunsa ngati tamunamiza. Sindinaonepo munthu akukhumudwa chotero pomva kuti mnzake akupuma.

Wa kamera uja sanakonde nyumba yathu. Anati ndi yoyera kwambiri. Ananditengera kuseri, pa ngalande yodzaza madzi akuda ndi mapepala apulasitiki, n'kundipatsa mabuku kuti ndikumbatire. Anati ndisamwetulire, ndiyang'ane kutali. Zonsezo ndinachita. Atanena kuti ndivule nsapato, mayi anatulukira pakona.

"Mwana wanga savula nsapato. Ninamugulira kuti azivala."

Anandijambula nditavala. Pobwerera kugalimoto sanatsanzike bwino.

Yankho linabwera pafoni patapita miyezi. Linati banja lathu silili m'gulu la ovutikitsitsa, koma ndisataye mtima. Pamwambo wopereka thandizolo, umene unachitikira kutchalitchi kwathu komweko, ndinapita ndithu, ndinkafuna ndione anzanga ovutikitsitsawo. Mmodzi anali mwana wa mlongo wake wa dikoni, amene anamutchula kuti wamasiye. Bambo ake a mwanayo anali atakhala mzere wachitatu, akuomba m'manja mwamphamvu kuposa aliyense. Kumbuyo kwa akuluakulu kunali chinsalu chachikulu, ndipo pachinsalupo panali ine, ndili pa ngalande ndi mabuku anga. Chithunzicho anachidula m'mawondo kuti nsapato zisaoneke.

Osankhidwawo anawagwaditsa, anawaimbitsa nyimbo yothokoza kawiri chifukwa ulendo woyamba kamera inali isanayake.

Potuluka, dikoni anapeza mayi pakhomo n'kuwauza kuti vuto linali lathu, bambo akanakagona kwa achibale tsiku lija. Mayi anangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anakonza chitenje chawo, n'kundiuza kuti tiyeni.

Chaka chimenecho ndinagwira ntchito m'kabokosi kotumizira ndalama pafoni pa msika wa Chawama, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Chaka chotsatira ndinalowa koleji ya unamwino, fizi tikulipira pang'onopang'ono, ine, mayi ndi bambo. Kawiri anandibweza pakhomo la mayeso chifukwa cha ngongole ya fizi, koma ndinamaliza.