Dokotala Gilibati wa Pamsika wa Mitundu

Bambo Gilibati sukulu anailekera sitandade folo, koma pamsika wa Mitundu ankadziwika kuti Dokotala. Dzinali anadzipatsa okha. Ankatola zinyenyeswa za fodya zimene alimi ataya, n'kuzipera, n'kuthiramo chidulo, kenako n'kumanga m'timapepala. Malinga ndi iwo, fodyayu ankachiza dzino, mutu ndi tulo ta m'kalasi. Eni ake m'kamwa munatsala mano anayi, koma palibe ankafunsa.

Poyamba ankagula ndi nkhalamba. Ataona kuti nkhalambazo zikutha, anasamutsira benchi yawo panjira ya ana a sukulu.

"Ika kuseri kwa mlomo, sutulutsa utsi, aphunzitsi sadziwa," ankatero. "Masamu alowa okha."

Masamu sanalowe. Ana ankangolavula malovu akuda kuseri kwa makalasi, ena n'kumachita chizungulire.

Lolemba lina mwana wawo Pempho, wa zaka khumi ndi ziwiri, anagwa pa asembule n'kuyamba kusanza. Kuchipatala namwino anamutsegula kukamwa, napeza nkhama zotupa ndi chilonda choyera mkati mwa mlomo.

"Fodyayu umamutenga kuti?" anafunsa namwinoyo.

"M'thumba la ababa. Amati amathandiza masamu."

Namwino anatembenukira kwa bambo aja. "Zilonda zotere zikakhalitsa zimatha kusanduka khansa. Inu mumagwira ntchito yanji, bambo?"

"Ulimi," anayankha Dokotala, maso ali pansi.

Pobwerera anayesa kunena kuti mwanayo wachita kulodzedwa ndi anthu ansanje. Atafika kunyumba, akazi awo, mayi Elube, ananyamula thumba lonse la fodya n'kukalikhuthulira m'chimbudzi.

"Mayi, amenewo ndi mankhwala!"

"Akachize mphutsi," anatero mayiwo. "Mukabweretsanso pakhomo pano, mudzawatsatira komweko."

Pempho anavutika milungu ingapo, mutu ukuwawa, akulusira aliyense, koma chilonda chinapola. Nkhani itafika kwa makolo ena, benchi ija inapezeka itathyoledwa miyendo.

Bambo Gilibati anauza anthu kuti aphunzirapo kanthu, ndipo sananame. Masiku ano amalawirira ku Nathenje, kumene sadziwika, n'kukayala timapepala tawo pafupi ndi siteji ya maminibasi. Mwana akabwera ndi ndalama m'manja, amayamba amufunsa dzina la bambo ake ndi mudzi wa kwawo, kuopa kugulitsa kwa wachibale.