Foda imene ndinaisiya poyeza

Pa Lizulu tinkagwiritsa ntchito kompyuta imodzi ndi alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga. Iwo ankasungamo mavidiyo a zinkhoswe amene ankajambulira anthu, ine ndinkatayipirapo makalata. Tsiku lina inakana kusunga kalata, akuti disiki yadzaza. Ndinapsa mtima pomwepo, paja ine sindichedwa.

Ndinatsegula windo lakuda lija lolembamo malamulo, n'kulemba du, lamulo loyeza kukula kwa foda iliyonse. Ndinawonjezerapo --exclude ndi dzina la foda yanga, kuti iyo isayezedwe nawo. Mumtima ndinkati makalata salemera, kuwayeza n'kutaya nthawi.

"Onani alamu," ndinatero, "zinkhoswe zanuzi ndi zimene zatidzazira. Lero lomwe ndikufufuta."

Iwo anasuzumira pagalasi mosapupuluma. "Alamu, ngolo ya mbatata ikalemera, mumayeza matumba a anzanu okha, lanu mutakhalira? Tayezani zonse."

Ndinachotsa mawu a --exclude aja ndikung'ung'udza, n'kuyezanso. Foda yanga inaposa mafoda ena onse. Munali mavidiyo a ngoma imene anavina pamaliro a bambo anga aakulu. Ndinawakopera katatu konse poopa kuti angadzasowe, kenako n'kuiwala.

Kompyuta ija sinandinamize ayi. Inayeza zimene ndinaiuza, n'kusiya zimene ndinaibisira. Ndinafufuta makope awiri, zinkhoswe za eni ake osazikhudza. Alamu anangobwerera pampando wawo, ndipo mpaka lero ndimaona kuti bola akanandilalatira.